Masters ya kayendetsedwe ka chitetezo cha pa intaneti: amaphunzitsako chiyani, nanga ndi ya yani?

Mu March 2017, anthu amene amasamalira pulogalamu ya Apache Struts, yomwe makampani ambiri amamangira mawebusaiti awo, analengeza kuti mu pulogalamuyo muli chibowo chimene mbava zingalowerepo, ndipo anatulutsiratu chigamba chotsekera, chija akatswiri amati patch. Kampani ya Equifax ya ku America, yomwe imasunga mbiri ya ngongole za anthu, uthengawo inaumva. Inatumiza imelo kwa ogwira ntchito kuti aliyense woyendetsa Struts aike patch ija. Koma pa sisitimu ina yakale, yolandirira madandaulo a makasitomala, palibe amene anaiika. Mbava zinalowa mu May, zinakhalamo mpaka kumapeto kwa July, n'kutenga zinsinsi za anthu pafupifupi 147 miliyoni. Chipangizo choyang'anira zotuluka pa netiweki chinalipo ndithu, kungoti chinali ngati mlonda wotsinzina, chifukwa satifiketi yake inali itatha ntchito miyezi yambiri m'mbuyomo popanda woikonzanso. Tsiku limene anaika satifiketi yatsopano ndi tsiku lomwe anazindikira kuti katundu akutuluka.

Pa nkhani yonseyi luso la makompyuta silinasowe. Kuika patch ndi ntchito imene mnyamata wongoyamba kumene angaigwire asanapite kukadya. Chimene chinasowa ndi mndandanda wokwanira wa makina onse a kampaniyo, munthu wodziwika dzina woti ayankhe ngati makina ena atsala, ndi njira yotsimikizira kuti lamulo likaperekedwa latsatidwadi. Mkulu wa kampaniyo, Richard Smith, anatula pansi udindo mu September chaka chomwecho, ndipo mu 2019 Equifax inavomera kulipira ndalama zofika madola 700 miliyoni.

Masters ya kayendetsedwe ka chitetezo cha pa intaneti inabadwira mpata umenewu. Munthu amene wakhala zaka akulemba mapulogalamu, kukonza maseva kapena kuyala netiweki akamva dzina la kosiyi amaganiza kuti akanola luso lake lothyola ndi kutseka makina. Ayi. Amene wapita ndi maganizo amenewo amakhumudwa temu yoyamba isanathe. Kumeneko amakuphunzitsani kusankha: ndalama ndi zochepa, mabowo ndi ambiri, ndiye titseke liti, tisiye liti, ndipo zikavuta ayankhe ndani.

Mbiri yake ndi yaifupi. Mu November 1988, pulogalamu yodzifalitsa yokha imene analemba Robert Morris, wophunzira wa ku Cornell, inaimitsa makompyuta ambirimbiri pa intaneti ya masiku amenewo, ndipo pasanathe milungu ingapo gulu la CERT, lothandiza pa ngozi za makompyuta zotere, linakhazikitsidwa ku yunivesite ya Carnegie Mellon. Ku Britain, koleji ya Royal Holloway ya University of London inatsegula masters ya Information Security mu 1992, imodzi mwa zoyambirira padziko lonse. Kuchokera pamenepo njira zinagawikana. Pali makosi ozama pa luso, a cryptography (kubisa uthenga ndi masamu), kusanthula ma virus ndi kuyesa kuthyola masisitimu, ndiye pali makosi a kayendetsedwe. Ku Carnegie Mellon, masters ya Information Security Policy and Management ili pansi pa Heinz College, sukulu imene imaphunzitsanso za kayendetsedwe ka boma, osati pansi pa sukulu ya sayansi ya makompyuta. Pamenepo pokha munthu atha kuona kumene kosiyi yapendekera. Ku Britain masters yotere imatenga chaka chimodzi ngati mwasiya ntchito, kapena zaka ziwiri kapena kuposerapo ngati mukuphunzira uku mukugwira ntchito. Ili ndi ma credit 180, mapointi oyezera kuchuluka kwa maphunziro: 120 a m'kalasi, 60 a kafukufuku. Wolekera panjira amatha kutuluka ndi satifiketi pa ma credit 60 kapena dipuloma pa 120.

Phata la kosi: kuyeza chiopsezo

Phunziro loyamba pafupifupi kulikonse limayamba ndi zinthu zitatu zimene chitetezo chimateteza: kuti chinsinsi chikhale chinsinsi, kuti zolembedwa zisasinthidwe mwachinyengo, ndi kuti sisitimu ipezeke pamene ikufunika. Anthu a makompyuta amakonda choyambacho n'kuiwala chachitatu. Koma pa 19 July 2024, update yolakwika ya kampani ya CrowdStrike inagwetsa makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni, ndege zinaima, zipatala zinabwerera ku mapepala, pamene panalibe mbava ngakhale imodzi. Chida chotetezera chomwecho ndicho chinagwetsa nyumba.

Tiyerekeze kuti ndinu woyang'anira netiweki pa kampani ina, ndipo mwalowa mu ofesi ya mkulu wa zachuma.

"Bwana, firewall yathu yakalamba, opanga ake anasiya kutumiza ma update. Tikufunika yatsopano."

"Tikapanda kugula, chichitika n'chiyani?"

"Atha kutilowera, bwana."

"Atilowera liti? Nanga akatilowera tiluza zingati?"

Apa ndi pamene akatswiri ambiri amasowa chonena. Amatuluka akung'ung'udza kuti mabwana samva za makompyuta, chonsecho funso la bwanayo ndi labwinobwino. Patebulo pake pali mapempho ena khumi, ndipo aliyense akuti lake ndiye lachangu. Kosi ya kayendetsedwe imakuphunzitsani kuyankha m'chilankhulo chake. Mwachitsanzo chongoyerekeza: ngati sisitimu yogulitsira itaima tsiku limodzi kampani imataya madola 50,000, ndipo tikuganiza kuti zotere zingachitike kamodzi pa zaka zisanu, ndiye kuti pachaka chiopsezocho chikutidyera madola 10,000. Chida chodya madola 30,000 pachaka kuti chitseke bowo lokhalo n'kuwononga ndalama. Cha madola 4,000 n'chogula lero lomwe.

Masamuwa ndi osavuta, ndipo mphunzitsi wabwino amathera nthawi yambiri kukusonyezani pamene amanamira. "Kamodzi pa zaka zisanu" uja tamutenga kuti? Mbava si mvula yoti mungaiwerengere nyengo. Zimaona pamene mwatseka n'kusamukira pamene mwasiya. Ndipo pali zotayika zina zovuta kuziika pa sikelo, monga makasitomala kusiya kukukhulupirirani. N'chifukwa chake ophunzira amakangana za njira ziwiri, ya mitundu ija yofiira, yachikasu ndi yobiriwira imene mabodi amaikonda chifukwa imawerengeka msanga, ndi ya manambala monga FAIR, imene imakukakamizani kunena kuti "pakati pa zakuti ndi zakuti" m'malo mongoti "chiopsezo chachikulu". Ine ndimakondera ya manambala, osati chifukwa ndi yolondola nthawi zonse, koma chifukwa ikalakwa cholakwacho chimaonekera poyera. Mu 2002, Lawrence Gordon ndi Martin Loeb a ku yunivesite ya Maryland anasonyeza ndi masamu kuti, pa zochitika zimene anaziwerengera, sikwanzeru kuwononga ndalama zoposa 37 peresenti ya zimene ukuyembekezera kutaya. Nambalayo musaiyese lamulo, koma ganizo lake n'lofunika: pali malire pamene kuwonjezera chitetezo kumasanduka kutaya chuma.

Chiopsezo chikayezedwa, chochita nacho chilipo panayi. Mungachichepetse poika zotetezera, mungachipewe posiyiratu ntchito imene ikuchibweretsa, mungachikankhire kwa ena kudzera mu inshulansi kapena mgwirizano, kapena mungachivomereze. Kuvomerezaku ndi kumene kumavuta anthu a luso. Mtima wa injiniya sulola kuona bowo n'kulisiya. Koma kampani iliyonse ili ndi mabowo amene ikuwadziwa ndipo yawasiya dala. Kusiyana kwa kampani yoyenda bwino ndi yosayenda bwino n'kwakuti pa yoyenda bwino pali pepala, ndipo papepalapo pali siginecha ya mwini wake wa ntchitoyo, osati ya munthu wa IT, yonena kuti chiopsezo ichi ndachimva ndipo ndachisenza mpaka tsiku lakuti.

Miyezo, malamulo, ndi khoti

Gawo lina lalikulu ndi la miyezo yovomerezeka padziko lonse. ISO/IEC 27001 inatuluka mu 2005 kuchokera pa muyezo wa ku Britain wa BS 7799, ndipo inakonzedwanso mu 2013 ndi mu 2022. Ya 2022 ili ndi njira zotetezera 93 m'magulu anayi: za kayendetsedwe ka bungwe, za anthu, za malo ndi nyumba, ndi za luso. Dziwani kuti za luso ndi 34 zokha. Ku America kuli ndondomeko ya 2014 ya NIST, bungwe la boma loona za miyezo, imene poyamba inali ndi ntchito zisanu, kuyambira kudziwa zomwe uli nazo mpaka kudzukanso ukagwa. Mu February 2024 anawonjezera yachisanu ndi chimodzi, ya ulamuliro, n'kuiika pakati pa zonse.

Kuloweza miyezoyi sikufuna digiri. Chimene yunivesite yabwino imawonjezera n'kukuphunzitsani kusaikhulupirira mopitirira. Kampani ya masitolo ya Target inapatsidwa chiphaso choti ikutsatira muyezo wa makadi olipirira mu September 2013. Pasanathe miyezi itatu, mbava zinalowa pogwiritsa ntchito pasiwedi ya kampani ina yaing'ono yokonza zoziziritsira, n'kuba manambala a makadi pafupifupi 40 miliyoni. Chiphaso chinali chenicheni, kubedwako kunalinso kwenikweni. Oyendera mabuku amaona tsiku limodzi, mbava zimaona tsiku lililonse.

Za malamulo ndiye zasinthiratu nkhope ya ntchitoyi m'zaka khumi zapitazi. Lamulo la GDPR la mayiko a European Union, limene linayamba kugwira ntchito pa 25 May 2018, limapereka maola 72 okha kuti bungwe lidziwitse boma likazindikira kuti zinsinsi za anthu zabedwa, ndipo chindapusa chimatha kufika mayuro 20 miliyoni kapena 4 peresenti ya ndalama zonse zimene kampani yapeza padziko lonse pachaka. Ku America, kuyambira 2023 makampani a pa msika wa masheya amayenera kulengeza vuto lalikulu pasanathe masiku anayi ogwira ntchito kuchokera pamene atsimikiza kuti ndi lalikulu. Ndipo mlandu sukuthera pa kampani. Joe Sullivan, yemwe anali mkulu wa zachitetezo ku Uber, khoti linamupeza wolakwa mu October 2022 chifukwa chobisa kubedwa kwa zinsinsi kwa mu 2016, pamene kampaniyo inalipira obawo madola 100,000 n'kuwasainitsa kuti asaulule. Anamulamula kukhala zaka zitatu akuyang'aniridwa ali kunja. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Amene akufuna mpando wa CISO, kutanthauza mkulu wa zachitetezo, adziwiretu kuti imelo iliyonse imene alemba usiku wa ngozi tsiku lina ikhoza kuwerengedwa pamaso pa woweruza.

Anthu

Pali chizolowezi pakati pa anthu a IT chonyoza ogwiritsa ntchito makompyuta, ati ndi iwo amene amabweretsa mavuto onse. Mu 1999, Anne Adams ndi Angela Sasse anafalitsa kafukufuku wosonyeza kuti anthu akamalemba mapasiwedi papepala si chifukwa cha uchitsiru, koma chifukwa malamulo amene awapatsa ndi osatheka kuwatsatira. Muuzeni munthu kuti asinthe pasiwedi mwezi uliwonse, angosintha nambala yakumapeto. Zinatenga zaka 18 kuti NIST ivomereze poyera, mu 2017, kuti kukakamiza anthu kusintha mapasiwedi nthawi ndi nthawi popanda chifukwa n'kosathandiza. Maphunziro a gawo limeneli amabwereka zambiri ku sayansi ya maganizo ndi ya zachuma, ndipo ophunzira ochokera ku luso amawapeputsa poyamba. Ambiri amadzawayamikira pambuyo pake, akakhala kuti alemba ndondomeko yokongola masamba makumi atatu imene palibe akuitsatira.

Tsiku la ngozi

Pa 27 June 2017, pulogalamu yowononga ya NotPetya inafalikira kudzera mu update ya M.E.Doc, pulogalamu yowerengera misonkho ya ku Ukraine. Makompyuta a kampani ya sitima zapamadzi ya Maersk anagwa m'kanthawi kochepa, madoko anaima, magalimoto akuluakulu anandanda pazipata. Maseva amene amasunga maina ndi zilolezo za ogwira ntchito onse anafufutika pamodzi, poti ankakoperana okhaokha ndipo palibe anaganizapo kuti angafe onse nthawi imodzi. Malinga ndi zimene magazini ya Wired inalemba, seva imodzi inapulumuka ku ofesi ya ku Ghana chifukwa magetsi anali atazima pa nthawi ya chiwembucho. Wapampando wa kampaniyo anadzanena kuti m'masiku khumi anaikanso mapulogalamu m'makompyuta 45,000 ndi maseva 4,000, ndipo anataya pakati pa madola 250 ndi 300 miliyoni.

Kupulumuka chifukwa magetsi azima ndi mwayi, ndipo kosi imafuna kuti musadalire mwayi. Mumaphunzira kufunsa eni ntchito mafunso awiri: sisitimu iyi ikaima, mungapirire maola angati, nanga mungalole kutaya zolembedwa za maola angati? Mayankho ake ndi amene amalamula kuti backup, kope losungira padera la zolembedwa, ichitike kangati, isungidwe kuti, ndipo idye ndalama zingati. Makosi abwino amachititsanso masewero a patebulo. Ophunzira amagawana maudindo, wina mkulu wa kampani, wina loya, wina wolankhulira kampani, ndiye mphunzitsi amaponya nkhani pang'onopang'ono: mafayilo atsekedwa, obawo akufuna bitcoin, mtolankhani waimba foni, backup ya dzulo nayo yapezeka yotsekedwa. Palibe amene amagwira kiyibodi. Zonse ndi zosankha.

Zosankha zoterezi zinachitikadi ku Colonial Pipeline, kampani ya paipi ya mafuta ya ku America, mu May 2021. Obawo analowera pa akaunti yakale ya VPN, njira yolowera pa netiweki ya kampani uli kutali, imene sinkagwiritsidwanso ntchito koma palibe anaitseka, ndipo inkangofuna pasiwedi yokha. Anagwira makompyuta a mu ofesi. Kutseka paipi yonse yonyamula mafuta kuchokera ku Texas kupita kum'mawa kwa America kunali kusankha kwa kampaniyo, poopa kuti vutolo lingafalikire. Kulipira madola pafupifupi 4.4 miliyoni nakonso kunali kusankha kwa mkulu wa kampani. Kaya anachita bwino kaya analakwa, ndiye mkangano umene kalasi imatha nawo masana onse.

Digiri kapena satifiketi?

Funsoli silisowa, ndipo yankho loona n'lakuti olemba ntchito ambiri amayamba ayang'ana satifiketi ndi zaka zimene mwagwira. CISSP ya bungwe la ISC2 imafuna zaka zisanu za ntchito m'magawo awiri mwa magawo ake asanu ndi atatu, ndipo digiri imakuchotserani chaka chimodzi chokha. CISM ya ISACA imafunanso zaka zisanu, zitatu mwa izo pa kayendetsedwe ka chitetezo. Zonse ziwiri n'zotsika mtengo poyerekeza ndi masters, zimatheka m'miyezi, koma zimafuna kuti muzipitiriza kuphunzira ndi kulipira chaka ndi chaka kuti zisafe.

Satifiketi imayesa ngati mukudziwa yankho limene anthu a ntchitoyi anagwirizana. Masters imakupatsani nthawi yofunsa ngati yankholo lili loona, imakukakamizani kulemba mfundo zanu motalika n'kuziteteza pamaso pa munthu wodziwa kuposa inu, ndipo siitha ntchito. Kulembako musakupeputse. Theka la ntchito ya mkulu wa zachitetezo ndi kulemba tsamba limodzi limene bodi ingawerenge m'mphindi zisanu n'kusankhapo kanthu. Ndikanati ndilangize munthu amene wagwira zaka zinayi kapena zisanu pa maseva kapena netiweki ndipo wayamba kuitanidwa ku misonkhano ya bajeti, ndikanati nthawi yake ndi imeneyo. Wongomaliza kumene digiri yoyamba ndikanamuuza kuti adikire. Kuphunzira kuyendetsa chinthu chimene sunachigwirepo kumatulutsa bwana amene anyamata ake amamuseka akatuluka m'chipinda, ndipo iwo amadziwa msanga amene sanadzukepo usiku chifukwa seva yagwa. Nayenso amene chimamusangalatsa ndi kusanthula ma virus kapena kuthyola masisitimu mololedwa asadzivute ndi kosi iyi. Masters ya luso ilipo, ndipo njira imeneyo si yotsika.

Posankha kosi, kumbukirani za chikomekome cha nkuyu. Dzina lakuti cyber security likugulitsa malonda, ndipo mayunivesite ena angotenga kosi yakale ya netiweki n'kuipaka utoto. Pemphani mndandanda wa maphunziro onse, muone ngati muli chiopsezo, malamulo, za anthu ndi za ngozi, kapena ndi phunziro limodzi lokha la kayendetsedwe lomatidwa kumapeto. Fufuzani ophunzitsawo: akufalitsa kafukufuku wanji, nanga alipo amene anayendetsapo chitetezo pa bungwe lenileni? Ku Britain, bungwe la boma la NCSC limayendera ndi kuvomereza madigiri ena poyerekeza ndi CyBOK, mndandanda wa zimene ntchitoyi imafuna, umene mu 2021 unali ndi magawo 21. Ku America, bungwe la boma la zachitetezo la NSA limapereka chizindikiro cha Centers of Academic Excellence ku masukulu. Kusakhala ndi chizindikiro sikutanthauza kuti kosi ndi yoipa, koma kukhala nacho kumasonyeza kuti wina wakunja analowamo n'kuyang'ana. Kwa amene sangasiye ntchito, masukulu monga Georgia Tech ali ndi masters yophunzirira pa intaneti, ndipo mwa nthambi zake zitatu imodzi ndi ya ndondomeko ndi malamulo.

Chotsala ndi kafukufuku wakumapeto, gawo limodzi mwa magawo atatu a digiri yonse ngati ndi ya ku Britain. Ophunzira ogwira ntchito amakopeka ndi mitu yomveka patali, monga AI kapena makompyuta a quantum, n'kupezeka kuti alemba masamba ambiri ongobwereza zimene ena analemba. Mutu wabwino kawirikawiri uli pa desiki lanu lomwe. Patch ikatuluka, pamatenga masiku angati kuti ifike pa makina onse a kuntchito kwanu, ndipo imachedwera pa ofesi ya yani? Maakaunti a anthu amene anachoka ntchito chaka chatha, ndi angati akadali otsegula? Mafunso otere amafuna chilolezo cholembedwa cha olemba ntchito anu ndi cha komiti ya yunivesite yoona za kafukufuku, ndipo dzina la kampani liyenera kubisidwa mu lipoti. Zilolezo zimenezi zimachedwa, choncho yambani kuzipempha temu yoyamba, musanasankhe n'komwe wokuyang'anirani.